Chingwe ndinazula ndine

Lachinayi, mwezi wa Julayi. Chiperoni tsiku lonse, mtima wanga nawonso wozizira.

Ndamunamiza Esinati, mwana wanga. Kompyuta yakale imene anandipatsa kuti ndizilembera anthu makalata pa Milonde imadzimangira yokha mapulogalamu ake. Dzulo anandiuza pa foni mawu oti ndisinthe kuti iziidziwa pulinta. Anati, "Ababa, mukasintha, mapulogalamu onse okhudzidwa amangidwanso. Zitenga tsiku lathunthu. Musaigwire."

Masana kompyutayo inatentha, fani yake ikulira. Ku fakitale ya tiyi kumene ndinkagwira ntchito lamulo linali limodzi: mota ikatentha, zimitsa. Ndinachedwa kuzimitsa tsiku limodzi lokha, anandichotsa ntchito, kapitawo amene anandituma kwina ali phee. Ndiye dzulo ndinazula chingwe.

Tsopano mapulogalamu ena ndi atsopano, ena akale, sakumvana. Yolembera makalata sikutseguka. Mayi Nachisale anabwera kudzalembetsa kalata ya kusukulu ya mdzukulu wawo, abwerera chimanjamanja. Ndawauza, anthu akumva, kuti mwanayu anandipatsa zinyalala.

Madzulo ano ndamuimbira. "Munaizimitsa, ababa?" Ndati ayi, inangofa yokha. Wandiwerengetsa mizere yomaliza imene makinawo amadzilembera. Palibe cholakwika, ntchito inangodukira pakati. Kenako wati, "Mwina ndi magetsi, ababa. Tiyambenso."

Batire la sola anagula ndi iye. Akudziwa kuti m'nyumba muno magetsi sathima.

Akanangondikalipira bwenzi ndikudya bwino. Mawa ndimuimbira ndimuuze, koma munthu wamkulu ngati ine ndikayambira pati?