Mpando wa Kumanzere

Wigston, Leicester
Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa alamu anga a Stewart,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi a Elizabeth pamodzi ndi ana onse ku Ntcheuko. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Nanga mphepo ya Ogasiti ndi fumbi lake mukulimbana nazo bwanji? Ife kuno tadzuka. Ana ali pa holide. Amayi akudya bwino ndipo mankhwala awo akumwa osaphonya, kungoti akudandaula kuti dzuwa la kuno limawala koma silitentha.

Musadabwe kuti ndalemba pamanja ngati kale. Ndikamaliza ndijambula masambawa ndi foni n'kukutumizirani lero lomwe. Ndikanati ndiimbe, bwenzi nditayamba kulira ndisanafike pakati, pomwe nkhaniyi ikufunika kuti muimve yonse mwadongosolo.

Zithunzi za ulendo wathu wa sabata yatha munaziona pa gulu la banja. Tonse tikumwetulira, mapiri ali kumbuyo. Ndikufuna ndikuuzeni zimene sizikuoneka pa zithunzizo.

Ang'ono anu, bambo a Uchizi, sanafune kuti Amayi abwerere kumudzi mwezi wamawa atangoona masitolo a ku Leicester ndi tchalitchi basi. A Gulam, anzathu a golosale ku Highfields amene anabadwira ku Limbe, anatibwereka galimoto yawo ya maulendo. Kuno amaitcha motahomu. Ndi nyumba yeniyeni yoyenda pa matayala: muli mabedi, tebulo, mbaula ya gasi, filiji ndi kachimbudzi pakona. Popereka makiyi, a Gulam anaseka, akuti munthu amene wayendetsa basi ya nsanjika zaka khumi ndi chimodzi alibe choti amuphunzitse, angomusonyeza pothirira dizilo.

Amayi atakaona kachimbudzi kaja anagwira pakamwa. Anati iwo sanaleredwe kudyera pafupi ndi chimbudzi, ndipo sayamba ukalamba uno. Anatiletsa tonse kulowamo, n'kusandutsamo nkhokwe ya mbatata ndi nsapato. Tinaseka mpaka kutuluka mu Leicester. Tsiku limenelo ndinali wokondwa, alamu.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa kulowera ku mapiri a ku Wales. Mumsewu waukulu zonse zinayenda bwino. Koma misewu ya m'mapirimo ndi ina. Mukuudziwa msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Muuchepetse pakati, mbali zonse mumange mpanda wa miyala wofika m'chiuno, kenaka muthiremo nkhosa zosaopa galimoto ndi anthu apanjinga. Ndiyo misewu yake.

Madzulo a tsiku loyamba, galasi la kumanzere loonera kumbuyo linagunda mpanda n'kung'aluka. Bambo a Uchizi anati msewu ndi wopanikiza, ndipo tonse tinavomereza. Mawa lake polowa pamalo pomwe timagona, anakhula mtengo wa pageti, kumanzerenso. Anati amene anazika mtengowo pamenepo analibe nzeru.

Chimene chinandiimitsa mutu chinali chaching'ono. Masana a tsiku lomwelo bambo a Uchizi anakhala panja pa mpando akuyang'ana phiri. Mwana wathu Chiko anawatengera tiyi n'kuima chakumanzere kwawo, kapu ili m'manja, pafupi kwambiri moti akanatha kumugwira. Mwanayo anaima mpaka anatopa, n'kundidandaulira m'Chingerezi chake kuti adadi akumunyalanyaza. Atawakhudza paphewa, anadzidzimuka ngati munthu woti wadzutsidwa kutulo. Maso anali otsegula nthawi yonseyo.

Mundilole ndifotokoze pang'ono, poti ntchito yanga ndi yomweyi. Kuchipatala kumene ndili namwino, tsiku ndi tsiku ndimatumiza anthu kukayezetsa maso. Pali nthenda ina yotchedwa gulokoma. Madzi a m'diso akalephera kutuluka bwino amafinya mtsempha wa kumbuyo kwa diso, ndipo mtsemphawo umafa pang'onopang'ono. Kawirikawiri sipapweteka. Munthu amaona bwinobwino zimene zili patsogolo pake, angathe kuwerenga ngakhale timalemba ta pa botolo la mankhwala, koma za m'mbali zimayamba kusowa, ngati akusuzumira m'paipi. Nthendayi imayenda m'magazi a banja. Sindine dokotala wa maso, ndipo mwina ndikulakwitsa. Koma inu mukukumbukira mmene malemu Bambo anayambira.

Apa ndiyambe kuulula zanga. Sindinayambe kuona zimenezi kumapiri. Kuyambira nthawi ya Isitala akhala akugunda phewa pachitseko cha kukhitchini. Munthu akawalankhula ali kumanzere, amatembenuza mutu wonse. Ndinkaona, koma ndinkadziuza kuti ndi kutopa kwa mashifiti a m'bandakucha.

Mufunsa kuti bwanji sindinalankhule pomwepo titakhala m'mapiri. Amayi anali pampando wa kumbuyo kwathu, akuyamika Mulungu mokweza pa khona iliyonse kuti anawapatsa mwana wodziwa chiwongolero. Ulendo wonsewo unakonzedwa kuti iwo aone mwana wawo mmene alili kuno. Ine mpongozi ndikanayamba bwanji kunena pamaso pawo kuti mwana wanuyu sakuona?

Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndikaona nkhosa m'mbali mwa msewu, ndinkauza Uchizi kuti taona nkhosa ili kumanzereyi kunenepa kwake. Mpanda ukayandikira, ndinkauza Amayi kuti aone mmene anthu a kuno amasanjira miyala popanda simenti, tayifika pafupi zedi. Nthawi iliyonse ndikatero, chiwongolero chinkasunthira pang'ono kumanja. Bambo a Uchizi sanandifunse kanthu, inenso sindinawayang'ane. Apo m'pamene ndinadziwira kuti akudziwa. Munthu woona bwino akanandifunsa kuti ndayamba liti kukonda miyala. Uchizi yekha ndiye anatopa nane, akuti amami asanduka mtsogoleri wa alendo odzaona mipanda.

Tinayenda choncho masiku awiri, ine maso ali pawindo.

Lachinayi cha m'ma leveni tinkatsika phiri lalitali, kukuwaza mvula, nyanja yaing'ono ikuoneka kumunsi. Patsogolo pathu panali mayi wapanjinga atavala jekete yachikasu. Bambo a Uchizi anamuona ali patali, n'kuyamba kumudutsa bwinobwino. Nthawi yomweyo chitseko cha filiji chinatseguka, mkaka n'kukhutukira pa mapazi a Amayi, iwo n'kukuwa. Ndinacheuka. Sindikhulupirira kuti ndinatha masekondi asanu.

Pobweza maso, nkhope ya mayi uja inali pawindo langa lenilenilo. Galimoto inali itayamba kubwerera kumanzere tisanamudutse, ndipo mbali inayo kunali mpanda wa miyala. Ndinakuwa kuti, “Cuthbert!” Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndili pabanja, ndinali ndisanawatchulepo dzina pamaso pa Amayi.

Anakhotetsa mwamphamvu. Thupi la galimoto linakhudza chikwama cha panjinga, mayiyo n'kugwa. Mulungu yekha ndiye anachititsa kuti pamalo amenewo mpanda ukhale ndi mpata wolowera kumunda, moti anagwera pa udzu. Anali mayi wa imvi, wamkulu kuposa ine. Ananyuka bondo ndi chigongono basi. Ndinamutsuka mabalawo. Sanatukwane. Anangofunsa bambo a Uchizi kuti zatheka bwanji osamuona, pomwe iye amakuwa ali pambali pathu penipeni. Iwo anayankha kuti ankaganiza kuti amudutsa kale. Tinapatsana manambala, kuchipatala anakana, ndipo dzana ndinamuimbira, akuti ali bwino.

Masana a Lachinayi lomwelo bambo a Uchizi anatenga ana kukayenda m'mbali mwa nyanja ija. Ine ndi Amayi tinatsala tikutsuka mbale pampopi. Ndinalimba mtima n'kuwauza zimene ndikuganiza.

Alamu, Amayi sanadabwe n'komwe. Anati iwo anaziona tsiku lomwe anafika, pabwalo la ndege, mwana wawo atawadutsa pafupi osawaona. Anati bambo ake anayamba chimodzimodzi, kugunda zitseko ndi kuponda nkhuku. Mukudziwa kuti mpaka lero iwo amati za malemu Bambo zinachokera kwa anthu pa mkangano wa dimba uja. Anandiuza kuti ndisaitchule nthendayo, chifukwa ndikaitchula ndiye kuti ndaiitana. Anandifunsa kuti ntchito ikamuthera, mwana wawo adzakhala ndani m'dziko la eni. Kenaka anandiyamikira. Anati anaona mmene ndimamuthandizira ndi nkhosa zija, ndipitirize choncho, ndi mmene mkazi amasungira ulemu wa mwamuna wake. Chimene sanakondwe nacho ndi kutchula dzina kuja basi.

Sindikuwaneneza Amayi. Akuchita mantha ngati ine, kungoti mantha athu akutikokera kosiyana.

Loweruka, tsiku lobwerera, ndinapempha makiyi. Laisensi yanga imandilola kuyendetsa galimoto ngati imeneyo. Bambo a Uchizi anaseka, akuti Lachinayi anali atangotopa. Amayi anawonjezera kuti abale asadzamve kuti dalaivala wa basi anabwezedwa kunyumba ndi mkazi wake. Ndipo ine ndinakhala chete. Ndinakwera pampando wa kumanzere, ana anga awiri ali kumbuyo, n'kuwerengera mwamuna wanga malole ndi njinga zamoto kwa maola anayi mpaka ku Wigston. Ichi ndicho chikundisowetsa mtendere koposa zonse. Ndinali nditaona nkhope ya mayi uja pawindo, koma ndinaopa manyazi kuposa imfa ya ana anga.

Pobweza galimoto, a Gulam anaizungulira kawiri. Za kukhulika anati tisadandaule, kumapiri kumatero. Koma bambo a Uchizi atalowa m'sitolo, anandifunsa chapansipansi kuti, “Achemwali, galimoto imakonzedwa, koma bwanji mbali imodzi yokhayokha?”

Tsopano imvani chimene ndalembera. Holide ya ang'ono anu ikutha, ndipo Lolemba likubwerali akubwerera kuntchito. Basi yawo imadutsa mu London Road mpaka ku Oadby. Mumsewu umenewo muli ana a sukulu yaukachenjede panjinga, amayi okankha ana m'tingolo, nkhalamba zotsika pang'onopang'ono pasiteji, ndipo onsewo amakhala kumanzere. M'basimo mulibe mpando wanga.

Ndinawapezera malo oti akayezetse maso Loweruka lino nthawi ya teni, konkuno ku Wigston. Akana. Akuti zikangolembedwa papepala, laisensi ya basi yapita. Pamenepo mwina sakunama, chifukwa lamulo la kuno limafuna kuti woyendetsa basi akapezeka ndi vuto lotere adziwitse a malaisensi, ndipo iwowo ndi amene amagamula. Ndinawafotokozera kuti gawo la diso limene lafa silibwerera, koma limene latsala lingapulumuke ndi mankhwala odonthezera ngati tayamba msanga. Ndinawauza kuti ntchito zina ziliko, ndipo yanga itisunga pamene tikufufuza. Anandiyankha kuti anakwatira mkazi, osati namwino. Kuyambira Lachiwiri akudya osalankhula.

Alamu, chonde aimbireni mawa Lachisanu madzulo. Malemu Bambo atasiyiratu kuona, ang'ono anu anali atabwera kale kuno. Iwo amangodziwa za pafoni, kuti Bambo akudwala maso. Amene munawagwira dzanja zaka zisanu ndi chimodzi, kupita nawo kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kuseri kwa nyumba, ndinu. Auzeni mmene zinalili, osachepetsa. Mawu amene akuwakana kwa ine, kwa mkulu wawo angawamve. Muyambe mwalankhula ndi Amayi, poti inu amakumverani, kuti asadzaime pakati.

Inunso, ndi ana anu akuluakulu aja, mukapeze mpata wokayezetsa maso. Musadikire kuti muyambe kugunda zitseko.

Chomaliza ndikuuzani ngati ankhoswe a banja lathu. Ang'ono anu akapanda kupita Loweruka, Lamulungu masana ine ndiimbira akuluakulu a kuntchito kwawo, ndiwauze kuti asawapatse basi kufikira atayezetsa. Nambala ndailemba kale, ili m'chikwama changa. Ndikudziwa kuti mwina sadzandikhululukira, ndipo Amayi adzakwera ndege akunditcha mkazi amene anachotsetsa mwamuna wake ntchito. Ndimawakonda ang'ono anu lero monga ndinkawakondera tsiku lija munatiimirira ku Ntcheu. Koma kukhala chete ndinayesa kale, ndipo ndinaona kumene kumathera. Mlanduwu ukadzafika kwa inu, mudzauweruze mukudziwa kuti ndinakuuzani ndisanachite.

Mundiperekere moni kwa a Elizabeth, ana onse, ndi azakhali a ku Bawi. Nkhaniyi ikhale kaye pakati pa inu ndi a Elizabeth. Uchizi ndi Chiko akupereka moni, akuti muwatumizire chithunzi cha mbuzi zija. Mulungu akusungeni, akupatseni mawu oyenera mawa, ndipo mutikumbukire m'mapemphero Loweruka m'mawa.

Foni yanga ikhala m'manja.

Ndine mlamu wanu,
Mayankho (mayi a Uchizi)