Kankhonya Sapita Kulikonse

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Nanga alamu ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo, ngakhale tulo tachepa m'nyumba muno chibwerereni mlendo. Dzina sitinamupatse, koma timamutcha Kankhonya, poti manja ake amangokhala ofumbata ngati alipo amene anamuputa.

Ndalembera inu osati amayi chifukwa nkhaniyi ili ndi mawu amene mwana wamwamuna sangawatchule kwa omubala. Mwamva kale kuti amayi akonza zobwera kumapeto kwa mwezi kudzatenga mwanayu, kuti azikayamwa kwa akazi a achimwene poti nawonso ali ndi khanda. Amene ndinalakwa ndine. Mwana ali ndi masiku atatu ndinawaimbira foni amayi mtima uli m'mwamba, n'kuwauza kuti mlamu wanu walephera kuyamwitsa.

Zoona zake n'zakuti nsonga za mawere ake n'zolowa mkati, ndi mmene anabadwira. Mkaka unalipo wambiri, mpaka mawere kuuma gwa, koma mwana ankasowa pogwira. Ankangofunafuna ndi kakamwa kake, kenako n'kuyamba kulira, mayi ake nawonso n'kuyamba. Titapita naye ku sikelo anali atatsika moti anamwino anapukusa mutu.

Anamwinowo ndi amayi aafupi, osaseka ndi munthu, koma ndimawapatsa ulemu. Anatiuza kuti mwana sayamwa nsonga, amayamwa bere, ndipo chofunika n'chakuti ayasamule kwambiri kuti mbali yaikulu ilowe m'kamwa. Kenako anatulutsa sirinji yopanda singano. Anati ndikaidule kutsogolo, chokokera chake ndikachilowetse kumene ndadulako, kuti mbali yosalala izikhala pabere n'kumakoka nsonga pang'onopang'ono mwana asanayamwe. Achemwali, nditamva zodula ndi zokoka ndinati apa ndafika pa ntchito yanga. Zaka khumi ndikukonza mipope ndi mapampu, ndiye kasirinji kangandivute ine?

Kudula ndinadula bwino, zimenezo mudzaona nokha. Cholakwika chinali kukoka. Ine ndinazolowera kuti paipi ikatseka umakoka ndi mphamvu zonse, ndiye ndinangokoka kamodzi, mlamu wanu anakuwa mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera akuthamanga, thovu la sopo lili m'manja. M'mawa mwake anamwino anandifunsa, azimayi onse a pa benchi akumva, ngati ndinakwatira thanki ya madzi. Chiyambire tsiku limenelo sirinji amagwira ndi mwiniwake. Ine ananditsitsa udindo, ntchito yanga ndi kutsuka kapu ndi kuika pilo.

Apa ndiye mumve bwino. Mkazi uja munkati ndi wofatsa mopitirira uja ali ndi mtima wolimba kuposa tonsefe kwathu. Milungu iwiri yathunthu, pakangopita maola awiri, ankakoka nsonga n'kumuika mwana pabere. Mwana akakana, ankafinyira mkaka m'kapu n'kumumwetsa pang'onopang'ono, kenako n'kuyesanso. Mawere anachita zilonda. Ndinamuuza kangapo kuti tingosiya, asadziphe nazo, iye ankangondiyankha kuti ndimupatsire pilo uja.

Lachiwiri lapitali ndinabwera masana kudzadya. Nditatsegula chitseko sindinamve kulira. Ndinamupeza atakhala pampando wa pawindo, Kankhonya ali pabere, masaya akugwira ntchito, kumeza kukumveka ine ndili pakhomo. Sirinji inali patebulo, sanaikhudze n'komwe. Anangondiyang'ana n'kuika chala pakamwa kuti ndisalankhule. Ndinaima pomwepo chikwama cha zipangizo chili paphewa, ndipo sindibisa, misozi inatuluka. Ndimamunyadira mkazi ameneyu.

Dzulo ku sikelo mwana wapitirira kulemera kumene anabadwa nako. Anamwino aja anamwetulira koyamba chiwadziwireni, n'kupempha mlamu wanu kuti akhale pafupi ndi mtsikana wina amene ali ndi vuto lomweli, amuonetse kagwiridwe kake. Ine ndinali panja ndikusuzumira pawindo, kudzimva ngati ndayamwitsa ndine.

Titafika kunyumba m'pamene ndinadziwa chimene foni yanga ija inachita. Mlamu wanu anagwada n'kukoka chikwama kunsi kwa bedi. Munali zovala zonse za mwana, zopindidwa bwino, ndi kakalata kopita kwa akazi a achimwene kofotokoza mmene Kankhonya amakondera kunyamulidwa akamalira. Anati analongedza tsiku lomwe anamva kuti amayi akubwera, poti sakanatha kutsutsana ndi apongozi ake mwana akuonda. Masiku onsewa ankamenya nkhondo ija chikwama chili pansi pake, osandiuza kanthu. Anayamba kutulutsa chovala chimodzichimodzi n'kumabwezera pa shelefu, ine nditangozolika.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amayi nokha, osatuma munthu, mukawauze mwaulemu kuti mdzukulu wawo akukhuta. Mukanenenso kuti mpongozi wawo sanalephere, amene anafulumira pakamwa ndi mwana wawo. Abwere ndithu, tidzawalandira ndi manja awiri, adzakhale mpaka atatopa nafe. Koma pobwerera adzabwerera okha.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa achimwene, kwa alamu ndi ana onse. Akazi a achimwene mukawathokoze kwambiri chifukwa chovomera kulera mwana wa wina pamwamba pa wawo, sitidzaiwala. Mlamu wanu akupereka moni. Amafuna kulembako mzere umodzi yekha, koma manja onse awiri ali ndi ntchito.

Tsalani bwino,
Ine mlongo wanu wamng'ono,
Bambo a Kankhonya