Malume akufunanso voti yanga, koma mlatho kulibe

Agogo,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimalima fodya kufupi ndi Santhe. Nkhani ya chisankho chikubwerachi yandilowera m'nyumba.

Khansala wa dera lathu ndi malume anga enieni, a Lucious Nthanda, alongo awo a amayi. Akhala pampandowu maulendo awiri ndipo akuimanso. Ndi mwini mbumba, ndi mkulu wa mpingo, ndipo munda umene ndimalimawu anandilozera ndi iwo.

Vuto ndi mlatho. Pakati pa mudzi wathu ndi msika pali kamtsinje kamene mlatho wake unakokoloka kalekale. Malume anabwera ndi azimayi ovina kudzaika mwala wa maziko. Mwalawo ulipobe, Agogo, mbuzi zimaotherapo dzuwa. Chaka chatha mabelo anga ananyowa powoloka, kuokushoni anawabweza ati nkhungu. Mu Febuluwale mwana wanga Dyna anachirira m'ngolo chifukwa tinazungulira njira yakutali popita kuchipatala. Mulungu anatichitira chifundo, onse ali moyo. Malume anabwera kudzaona khandalo n'kulamula kuti litchedwe Lucious.

Amene akupikisana nawo ndi mayi Sabiha Yassin, a shopu ya mbewu ndi feteleza pa Santhe. Ndi Msilamu. Makolo awo anachokera ku Mangochi, koma iwo anabadwira pompano, tinali kalasi imodzi kupulayimale. Ndi iwo anamema amalonda ndi alimi kuti tiyale mitengo pamtsinjepo, moti pano njinga zikuwoloka. Si mngelo ayi. Amalankhula mokhadzula, ndipo aliyense akudziwa kuti mlathowo ukamangidwa shopu yawo ipindulanso.

Sabata yatha malume anaitanitsa mbumba yonse. Anati: "Mpando uwu ndi wa eni nthaka. Mukaupereka kwa obwera, mawa muzikapempha chilolezo kuti muike maliro anu." Mwana wawo Tsoka anawonjezera kuti aliyense adzajambule pepala lake lovotera pafoni n'kudzawaonetsa, ndipo wokana, nkhani ya munda wake idzaonedwanso. Polankhula zimenezi ankayang'ana ine.

Amayi akundichonderera kuti ndisawachititse manyazi. Mtima wanga uli kwa mayi Yassin. Kodi ndikawavotera ndiye kuti ndagulitsa mtundu wanga?

L.K., Santhe

Mayi L.K.,

Poyamba ndiwayamikire malume anu. Si aliyense angasamale mwala wa maziko zaka zonsezi osaudetsa ndi simenti. Ndipo atamva kuti mwana wabadwira m'ngolo sanazengereze, anachitapo kanthu: anapereka dzina lawo. Dera lina likanangosirira.

Tsono tikambe zenizeni. Kovota simukukasankha malume. Malume muli nawo kale, ndipo apambane kaya agwe, adzakhalabe malume anu. Mukukalemba munthu ntchito. Mukafuna wokumangirani chigafa, mumayamba mwafunsa mtundu wake ndi kumene amapemphera, kapena mumakaona ngati zimene anamanga kwina zidakali chiimire?

Mawu akuti "obwera" andiseketsa. Munthu anabadwira pa Santhe, munkalimbirana naye desiki, amakugulitsani mbewu chaka ndi chaka, koma akubwerabe. Adzafika liti?

Kukonda akwanu si tchimo. Koma akwanuwo si malume okha. Dyna ndi wakwanu. Khandalo ndi lakwanu, ngakhale lasenza dzina lolemera chotere. Azimayi onse amene adzamve kupweteka mvula ili mkati ndi akwanu. Ngati mtundu ukugulitsidwa, funsani kaye amene wakhala akulandira mtengo wake.

Ndiye chitani izi. Amayi anu musakangane nawo. Akuopa mlongo wawo, ndipo mantha satha ndi mtsutso. Auzeni kuti mwamva, basi. Voti ndi yachinsinsi, simukuyenera kuilengeza kwa aliyense, ngakhale kwa ine. Tsiku lovota foni muisiye kunyumba. Tsoka akafuna chithunzi, mumupatse cha khanda. Akapitiriza kukuopsezani, kanenene kwa oyang'anira chisankho kapena kupolisi, chifukwa kumeneko si kukopa anthu, ndi kuopseza.

Za munda musazitenge mopepuka. Chisankho chisanafike, tengani azimayi akuluakulu a mbumba yanu amene amadziwa malire, mupite nawo kwa amfumu akamve kuti mundawo mwakhala mukulima ndinu komanso zimene Tsoka ananena. Anthu oopseza amafooka nkhani ikadziwika isanachitike.

Kenako pitani kumisonkhano ya onse awiri mukafunse poyera: mlatho udzamangidwa bwanji, ndipo khonsolo ikazengereza adzatani? Mvetserani amene akuyankha za mlatho ndi amene akuyankha za makolo.

Chenjezo langa ndi ili. Musavotere mayi Yassin pofuna kukhaulitsa malume, kapena chifukwa ndi mzimayi mnzanu. Kumeneko ndi kusankha kwa mtundu komweko, mwangosintha chitenje. Nawonso akayamba za "ife amalonda" kapena "ife a kumzikiti", dziwani kuti matenda ndi omwewo. Akakuyankhani zomveka, chongani mtima uli m'malo. Akadzakhala pampando n'kuiwala, mudzawachotse nawonso. Ubwino wake, amenewo mudzawachotsa popanda wina kukulirirani pakhomo.

Agogo