Fungo la M'kamwa mwa Tumpale

Achimwene a Esau,

Mwaghona kumeneko ku Mzuzu? Kuno ku Misuku tili bwino, khofi wapsa.

Ndamva kuti nanunso mwakhulupirira zoti mwana wanga Tumpale anagwa m'kwaya ataledzera. Akulu a mpingo ananunkhiza m'kamwa mwake, n'kumva fungo ngati la makoko a khofi osasa, basi mlandu n'kuthera pomwepo. Akuti ndikapepese pamaso pa mpingo. Sindipepesa!

Kuchipatala anamupeza ndi shuga. Namwino anandiuza kuti, "Mama, magazi ake achuluka asidi. Kupuma kwawefuwefuku ndi mapapo akuyesetsa kuchepetsa asidiyo, impso nazo zikumutaya mumkodzo. Fungoli ndi la matenda, si mowa." Taonani, thupi la mwana lili pankhondo, akulu a mpingo aja ali kalikiliki kumulanda yunifolomu ya kwaya!

Pano akudzibaya yekha jakisoni. Za impsozo adokotala anandiitanira pambali, koma si zolemba m'kalata. Mukapeza mpata bwerani, musadikire Khirisimasi.

Lamulungu lino ndikamukhazika kutsogolo m'tchalitchi atavala yunifolomu yakeyo. Wofuna kununkhiza akayambe ine.

Ndine mlongo wanu,
Rhoda