Chuni cha Abiti Nasiru

Lolemba, 3 Juni

Salimo la mapiri lapsa! Lero ku pulakatisi ma alto analowa pa nthawi yake, ma besi akupumira pansi, hm-ha, hm-ha, ngati mvukuto. Ine thupi lonse tsemwe. Pa 15 tikaimba ku Balaka pa chikondwerero cha makwaya, ndipo a m'tauni aja akadziwa kuti ku Utale kuli anthu. Ambuye mundikhululukire kudzitama, koma waphunzitsa ndine.

Lachitatu, 5 Juni

Zavuta. A Blasius, wapampando wa kwaya, atiimitsa pakati pa ndime. "A Thandizo, salimo lanuli likumveka za kumzikiti. Kupuma kumeneku ndi sikiri, mapemphero oimba a Asilamu. Ndinakulira ku Ntaja ine, musandipusitse." Ati komiti ikumana Lamulungu, ikakana tikaimba yakale ija ya chaka chatha.

Ine ndinayankha kuti chunicho chinandibwerera ndikupemphera.

Bodza. Ndilembe muno poti pepala silinena. Chuni ndi cha malemu amayi anga, Sakina Abiti Nasiru. Ankachiimba pa sadaka za maliro kwathu kwa Kawinga, azimayi atazungulira, akutchula dzina la Mulungu ndi mpweya wokhawokha. Ine ndinabatizidwa ndili Fomu 2 ndipo amayi sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi. Lero ndawakana pamaso pa anthu makumi atatu. Tambala yekha ndiye sanalire.

Lachinayi, 6 Juni

Ndapemphera Korona kawiri. Mtima sunabwerere m'malo.

Lachisanu, 7 Juni

Ndakalapa kwa Bambo Maziko. Ati tchimo ndi bodzalo, chuni chilibe mlandu, ndipo ndikanene zoona ku komiti. Titatuluka anandiitanira pansi pa mtengo wa mango n'kutulutsa foni. Paja iwowa anaphunzirako ku Yerusalemu.

"Tamverani eni ake a masalimo."

Nyimbo yoyamba ndinadzidzimuka. Mwamuna akukoka mawu m'mphuno, kuwapinda, kuwapindanso, ndendende mwazini woitanira anthu ku mzikiti wa pa Ntaja. Ati ndi Myuda wa ku Yemen, ndipo chikulira pambalipo si ng'oma, ndi chitini. Akuti makolo awo anasiya zoimbira polira Kachisi amene anagwetsedwa, n'kumaimbira chitini ndi mbale. Kenaka a ku Morocco, ndi kachingwe kolira ngati gitala wonenepa. A ku Ethiopia, akuluakulu akulandizana mawu, kang'oma kakugunda patalipatali. A ku Poland ena alibe ndi mawu omwe, ai-dai-dai basi, koma ukumva kuti munthuyu akupemphera. Yomaliza ndinaseka mokweza: Ayuda a ku Uganda, magitala, salimo m'chinenero chawo, ngati kwaya ya ku Ulongwe!

Ine ndimayesa Ayuda onse amaimba mofanana, ndi zeze wa Davide. Sitifiketi ya Fomu 4 ili m'chikwama, koma umbuli uli phee.

Bambo ati kulikonse kumene anthuwa anakhala, mapemphero awo anavala nsalu ya komweko. Anditumizira zonse zisanu.

Loweruka, 8 Juni

Ndinalawirira wa kwa Kawinga. Sindingatchule amayi ku komiti ndisanapemphe kwa amjomba Che Akimu, mlongo wawo. Mantha anali akuti anena kuti ndatengera za Chisilamu kutchalitchi.

Ndinawapeza akusoka mphasa. Ndinayamba ndi ya ku Yemen ija.

"Mashaallah. Shehe wa kuti ameneyu?"

"Ndi Myuda, amjomba."

"Iyayi!"

Anaimvera katatu foni ili pakhutu. Ati, "Ndiye kuti agogo ake ndi agogo a mashehe athu ankatunga pa chitsime chimodzi."

Kenaka ndinaimba salimo langa. Anasiya singano. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Mapeto ake: "Ukupuma molakwika iwe. Mayi ako ankakoka mpweya liwu lisanagwe, iwe ukukoka litagwa kale. Ukaba mbuzi uziba ndi chingwe chomwe." Anandiimbitsa mpaka dzuwa kupendeka, akumenya bondo ndi chikhato.

Potsanzikana ati, "Dzina la Mulungu lilimo? Kaimbe. Koma ukatchule mwini wake. Sakina sanali mphepo."

Ndalira mu minibasi mpaka pa Liwonde. Mayi wina anandipatsa nthochi.

Lamulungu, 9 Juni

Komiti, itatha Misa yachiwiri. Ndivomere, ndinachita kaukathyali. Ndinaliza ya ku Yemen osanena kanthu. A Blasius anadumpha: "Mwaonatu! Lero mwabwera nawo mzikiti wathunthu!" Nditawauza kuti ndi Myuda akuimba salimo, Mayi Lilian a alto anaseka mpaka kugwetsa buku. Ndinakondwa kuposa muyezo. Ichinso ndikalape.

Ndinaliza zinazo. Kenaka ndinaimirira n'kunena kuti Lachitatu ndinanama. Chuni sichinabwere m'pemphero langa, chinabwera m'pemphero la amayi anga, Msilamu, amene anagona kwa Kawinga zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinatchula dzina lonse. Mawu sananjenjemere, ndipo pamenepo ndiye ndikunyada.

A Blasius sanagonje. Ati Ayuda ndi Ayuda, ife ndife Akatolika a ku Utale, ndipo ku Balaka anthu akatiloza zala. Mavoti atatu uku, atatu uku. Fomu yolembetsera nyimbo ku chikondwerero ili ndi a Blasius, ati akaganize.

Lolemba, 10 Juni

Palibe uthenga. Ndachapa yunifolomu ya kwaya ngakhale inali yoyera kale.

Lachiwiri, 11 Juni

Pulakatisi 3 koloko. A Blasius anafika mochedwa, fomu ili m'thumba la malaya, nkhope ngati kukubwera mvula. Sanandipatse moni. Anakaima kumbuyo ndi a Hilary ndi ma besi anzawo ena.

Ndinati tiyese salimo, kaya ndi komaliza. Ndisanafotokoze n'komwe zimene anandikonza amjomba, ndinamva kumbuyo: "Imani, imani! Inu a Hilary, mukupuma ngati mwakwera phiri la Chikala ndi thumba la chimanga. Mpweya umakokedwa liwu lisanagwe. Chonchi." Hm-ha, hm-ha. Ndendende amayi.

Tonse tinatembenuka. Anali a Blasius.

"Mukundiyang'ana chiyani? Ndinati ndinakulira ku Ntaja. Maliro a anzathu Achisilamu tinkapita nawo."

Anatulutsa fomu ija n'kuitsamiritsa pa benchi. Pa mzere wa wopeka nyimbo panali dzina langa, lolembedwa kale ndi pensulo. Anafufuta ndi chala chonyowa ndi malovu.

"A Thandizo, Nasiru timalemba ndi r kapena l?"