Sikelo ya ku Kilbrannock

Kilbrannock,
Co. Tipperary.
14 Febuluwale, 1988.

Okondedwa achemwali a Nuala,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Boston mukulimbana nacho bwino, ndipo msana wa alamu a Dessie wayamba kumva mankhwala. Juzi ija inafika. Manja ake ndi ataliatali ngati munkalukira munthu wina, komabe ndikuvala, zikomo kwambiri.

Ndikulemba msangamsanga kuti nkhaniyi muimve kwa ine, isanafike kudzera pa lamya ya azakhali a Bríd itathiridwa kale mchere ndi tsabola. Mwana wanu Lorcan amuimitsa kukwera mahatchi mpaka Pasaka. Amene ndinamuneneza kwa oyang'anira mpikisano ndine, malume wake. Chonde musang'ambe kalatayi musanafike kumapeto.

Ntchito yangayi mumaiseka kuti ndi ya m'butchala, koma lero muimvetse. Wokwera aliyense amakhala pampando wa sikelo yanga atanyamula chishalo chake asanatuluke, ndipo akapambana amadzakhalaponso pobwera. Akapepuka ndiye kuti wataya panjira mtovu womulemeretsa umene amauika m'chishalo, waba. Akalemera kupitirira mapaundi awiri, lamulo la bungwe limati ndimupereke kwa oyang'anira. Zonse zikakhala bwino ndimaliza belu, ndipo pamenepo mpikisano watha, palibenso wotsutsa.

Mu Okotobala, Lorcan anapambana pa hatchi yaikazi yotuwa ya a Gleeson, yomwe ija inagwa ndi mkulu wake, malemu Cathal, chaka chatha polumpha mpanda wa pafupi ndi mtengo waukulu. Ndikudziwa kuti dzina la Cathal simufuna kuliona papepala, koma palibe njira yolilambalala. Lorcan atakhala pampando, muvi wa sikelo unapitirira ndi mapaundi atatu. Ndinadziuza kuti ndi matope, pomwe kunja kunali kouma gwa, nsapato zake zikuwala. Ndinaliza belu. Mu Disembala anapambananso pa hatchi yomweyo, ndipo anapitirira ndi mapaundi asanu ndi awiri. Ndinatsokomola, n'kuima kutsogolo kwa muvi kuti mlembi asaone, n'kulizanso belu. Magazi salowa manyazi, achemwali, ndinamubisa.

Ndinaitanitsa munthu wa boma woyesa masikelo. Anabwera ndi zitsulo zake, anayesa m'mawa wonse, anamwa tiyi wanga, n'kundiuza kuti sikeloyi ndi yoona kuposa wansembe wa kwawo. Ndinafunsanso anzanga a mabwalo ena. Onse anati kwawoko Lorcan amatuluka ndi kubwera ali chimodzimodzi. Ndi kuno kokha.

Mukuwakumbukira a Mossie Hanlon, okonza zovala ndi zishalo za okwera aja, amene ankakupatsani maswiti tili ana? Akalamba tsopano, mano atsala awiri, koma maso awo saphonya kanthu. Tsiku lina akupukuta nsapato anandiyankhula osandiyang'ana.

"Fintan, usavutitse sikelo. Tsiku lija Cathal unamuyeza potuluka, eti? Nanga pobwera unamuyeza?"

Ndinawauza kuti asiye zamowa, munthu wonyamulidwa pamachira sayezedwa.

"Ndiye vuto lake limenelo," anatero. "Mwana uja anali patsogolo. Akufuna adzamalize."

Ndinaseka, koma tiyi wanga anandizizirira m'manja.

Loweruka lapitali Lorcan anapambana kachitatu. Ndinatuluka dala kukaona hatchiyo akuichotsa chishalo. Inkanjenjemera miyendo ngati yachokera kolima, ndipo pamsana pake panali thukuta malo awiri: pamene panali chishalo, ndi kumbuyo kwake, pamene sipakhala munthu. Nditabwerera m'chipinda, Lorcan anakhala pampando mwakachetechete, chishalo pamiyendo. Muvi unafika pamene unayenera kuima, n'kupitirira. Sunalumphe ayi. Unkakwera pang'onopang'ono, ngati wina akukhala pansi mosamala kuti asadzutse mwana. Mpando unalira. Muvi unakaima utapitirira ndi mapaundi oposa makumi awiri, pomwe mnyamatayo sanagwedeze ngakhale chala.

Anandiyang'ana akumwetulira, kumwetulira kumene sindinakuone chiyikireni maliro.

"Lizani belu, amalume," ananong'ona. "Cathal amakwera kumbuyo kwanga tikafika pampanda uja, n'kundigwira m'chiuno. Sandipweteka. Tsiku lililonse akubwera wochulukirapo. Pa 27 afika yense."

Pa 27 mwezi uno mpamene Cathal akwanitse chaka chimwalirireni, ndipo a Gleeson analembetsa kale hatchiyo pa mpikisano wa tsikulo, womwewo umene unamutenga. Ndinaganiza za hatchi yotopa ikufika pampanda uja itasenza anthu awiri athunthu. Ndinachita mantha, achemwali, mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Belu sindinalize. Ndinaitana mlembi kuti aone muvi ndi maso ake, ndipo tinapita naye Lorcan kwa oyang'anira.

Wapampando wawo, a Considine, msilikali wakale uja wa ndevu zosongoka, anamufunsa ngati anasintha chishalo, ngati wina anamupatsira mtovu, ngati anamwa ndowa ya madzi panjira. Anamuvula mpaka kutsala kabudula, osapeza kanthu. Lorcan sanayankhe funso ngakhale limodzi. A Considine anakwiya, anati bungwe silingasiye munthu amene sikelo ikumukana ndipo iye sakufotokoza, choncho anamulanda chipambano n'kumuimitsa. Ine anandiyamikira chifukwa chosakondera mbale wanga. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Potuluka, Lorcan ananditcha Yudasi pamaso pa okwera anzake, ndipo mwina sanalakwe.

Ndinkayesa kuti ndamupulumutsa. Koma dzulo ndinapita kunyumba kumene amachita lendi, nditanyamula buledi wa zoumba amene amamukonda. Mayi Tuohy, eni nyumba, anandikokera kukhitchini. Akuti mnyamatayo sakudya, mbatata amabweza zonse, masaya alowa, lamba waboola bowo lina. Koma akamakwera masitepe matabwa amalira ngati akudutsa munthu wonenepa, ndipo bedi lake lalowa m'kati mbali zonse ziwiri. Okwera mahatchi amadziyeza m'mawa uliwonse, ndi chizolowezi chawo. Mayiwo akuti amamumva m'bafa ataima pasikelo, akuseka chapansipansi, akuti, "Mwatsala pang'ono, akulu."

Ndiye ndili ndi pempho, ndipo musandiyese wamisala. A Mossie akuti pa 27, anthu onse akabalalika masana, titsegule chipinda cha sikelo, Lorcan akhale pampando, ine nditchule dzina la Cathal mokweza monga ndimachitira ndi wopambana aliyense, kenako belu lilire. Akuti tikatero Cathal adzatsika. Sindikudziwa ngati n'zoona, ndiponso bungwe likamva ntchito yanga yatha, koma zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Chimene sindingathe ndi kuliza belulo ndekha. Pamaliro munafika bokosi atatseka kale, ndipo munati simunatsanzikane naye. Bwerani mudzalize ndinu. Mukatero mumutenge Lorcan mupite naye ku Boston, akagwire ntchito ya matabwa ndi alamu, asadzaonenso hatchi.

Ndidzakudikirani pabwalo la ndege ku Shannon tsiku lililonse limene mungandiuze. Mubwere ndi chikhoti chokhuthala, m'chipinda muja mwayamba kuzizira ngakhale mbaula ikuyaka.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dessie ndi kwa kamtsikana kanu Aoife, mukauze kuti chithunzi chake chili pakhoma. A Mossie akupereka moni, azakhali a Bríd nawonso. Lorcan sakundiyankhula, koma ndisanachoke dzulo ndinaima pakhomo pa chipinda chake n'kumufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwauze amayi ake. Anapendeketsa mutu ngati akumvetsera wina. Kenako anati ndikuuzeni kuti musadandaule, onse awiri ali bwino, ndipo akusowani.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Fintan.