Khoma la damu lafiira pansi

Lachinayi, Okutobala. Kunatentha, koma tsiku landikomera.

Pulogalamu ya pa kompyuta yoyezera khoma la damu la alimi a ku Kandeu yatheka. Imagawa khomalo m'tizidutswa ting'onoting'ono, n'kumafunsa kuti pa kachidutswa kalikonse madzi akukankha bwanji. Yankho linali m'fankishoni yanga, kachigawo ka pulogalamu kowerengera mphamvu ya madzi, koma pulogalamuyo inkangoikana. Fankishoniyo imafuna kuya kwa madzi kokha, pomwe pulogalamu imapereka malo onse a kachidutswako. Sindinailembenso, ndilibe nthawi imeneyo. Ndangoikulunga m'kafankishoni kena kolandira malowo, kutengamo kuya, n'kuipatsira. Chithunzi chatuluka. Pansi pa khoma pafiira, pofunika kuthirapo dothi mvula isanagwe.

Amalume, omwe dimba lawo lili kumunsi kwa damulo, anasuzumira.

"Kofiirako si kumene kuli kabichi wanga?"

"Nkomweko, amalume. Koma tilimbitsa."

"Ukutsimikiza?"

Ndinati inde. Komabe mawa ndilawirira ndi nsungwi kukayeza ndekha. Fankishoni ndaikulunga bwino, koma kuya komwe ndinaikamo anandiuza ndi apampando a komiti, ndipo iwo aja m'damumo sanapondemo chiyambire.